Matayala Ofewa a Motoka ya Alamu

Mpaka lero ndikamva munthu akuti "zotchipa zimadula" ndimafuna kumugenda ndi sipanala. Pa Chama aliyense amadziwa kunena mawu amenewo zinthu zikawonongeka kale. Tsiku lomwe ndinkatsitsa matayala aja pa basi, palibe ndi mmodzi yemwe amene anawanena. Anandizungulira, kuwasisita, kundifunsa kuti ndawapeza kuti.

Ndiyambe ndi motoka. Inali ya alamu, amuna awo a mlongo wanga wamkulu. Alamuwo ndi a m'tauni, anabwera kuno ndi ntchito ya zaumoyo, ndipo atakwatira asisi ankayenda ngati atichitira chifundo banja lonse. Motokayo anachita kuitanitsa kunja kwa dziko pa foni. Tsiku lomwe inafika pa boma anthu anasiya kugula tomato pa msika. Yofiira, yogwada pansi ngati fulu, malimu, zitsulo zovekapo matayala, akuluakulu owala ngati mbale za pa ukwati, matayala ake opyapyala ngati lamba wa buluku. Ine ndinagwada n'kusuzumira kunsi. Chibakera changa chinkangokwana ndendende pakati pa motoka ndi dothi.

"Alamu, iyi mwagulira msewu uti?"

"Iwe udziwapo chani za mamotoka?" anatero, akupukuta galasi ndi kansalu. "Iyi ni ya liwiro. Si thirakitala."

Ndinkadziwapo. Sukulu ndinalekera giledi eyiti, tsiku lomwe aphunzitsi ena anandikwapula ndi payipi chifukwa chobwera opanda nsapato. Ndinawalanda payipiyo n'kuiponya pa denga la kalasi, ndipo sindinapondekonso. Koma zaka zisanu zotsatira ndinazithera pa maloli a thonje, kukweza mabelo ku Tembwe kwathu, ku Chikwa, mpaka ku Chifunda kumene kashembe amakuluma kudutsa pa shati. Kumeneko ndiko ndinaphunzirira kuyendetsa, ndipo laisensi ndinaitenga ndi thukuta langa. Ndinasinthapo matayala m'matope ofika m'mawondo, ndinasinthapo pa mchenga wotentha woti sungaimepo. Dalaivala wina wachikulire amene ndinayenda naye zaka zitatu anandiphunzitsa zinthu ziwiri poyesa tayala. Choyamba, kamtengo ka machesi: ukalowetse m'mano a tayala, mutu wake ukabisika ndiye kuti tayalalo likadali ndi ulendo. Chachiwiri, chikhadabo. Ankati tayala lokalamba limauma ngati chikopa cha mvuu, ngakhale mano akhale alipo. Lanthete limalola chikhadabo kulowa. Malamulo awiri amenewa sanandinamizepo pa loli iliyonse.

Ntchito ya thonje itachepa ndinakhala pa boma opanda chochita, kugona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya asisi, kudya chakudya cha alamu ndi kumeza mawu awo pamodzi. Atate ku Tembwe ankatumiza uthenga umodzi wokhawokha: ukalephera uko, khasu lako lilipo. Munda wathu uli kufupi ndi dambo. Umalima miyezi isanu, kugona pa nsanja kumenya zitini, njovu n'kubwera kudzakolola tsiku limodzi. Ndinali nditalumbira kuti kumeneko sindibwerera.

Ndiye alamu anawasamutsira ku kiliniki ina ya ku Chikwa, kumene motoka yawo yaliwiro sikanafika ngakhale ataisenza pamutu. Anawapatsa njinga yamoto ya kuntchito. Motoka inakhala pa khonde miyezi iwiri, nkhuku zikugona kunsi kwake. Asisi ndiwo anawachonderera kuti m'malo moti iwole andipatse ine ndizinyamula anthu pakati pa Chama ndi Lundazi. Alamu anavomera ndi nkhope ya munthu amene akumwa mankhwala owawa. Anagwira makiyi m'mwamba ngati akusewera ndi galu.

"Ukangoiwononga kamodzi, makiyi abwera kuno. Kamodzi chabe. Wamva?"

"Ndamva, alamu."

Makiyi amenewo ndiwo anali pakati pa ine ndi khasu lija. Ndinkagona nawo m'thumba la kabudula.

Ndinaiyendetsa motokayo ngati ndanyamula mazira. Msewu wathu mukuudziwa: miyala yakuthwa, malo ena okhala ngati malata, milatho yoti uyambe watuluka kukaona. Ndinkadziwa dzenje lililonse ndi dzina lake. Anthu ankaikonda chifukwa cha mipando yofewa ndi kamphepo kozizira, makamaka aphunzitsi ndi manesi akamapita kukatenga malipiro. Koma tayala lopyapyala silikhululuka. Pakati pa limu ndi mwala palibe mpweya wokwanira. Pasanathe miyezi inayi awiri anatupa m'mbali ngati zithupsa, awiri enawo anasalala ngati mutu wa dazi.

Alamu atabwera kumapeto kwa mwezi ndinawauza zoona zake. Ndinati tichotse malimu akuluakuluwa, tiike ang'onoang'ono achitsulo ndi matayala onenepa amene amapezeka paliponse, ngakhale pa Lundazi. Motoka ikwera pang'ono, matayala atchipa, ndipo atha chaka. Ndinawauzanso kuti malimu owalawo tikagulitsa m'tauni ndalama yake ikwanira zonse.

Anaseka. "Ufuna motoka yanga ioneke ngati ya ogulitsa makala?"

"Alamu, ndi msewu umene ukufuna choncho, si ine."

"Msewu sunagule motoka iyi. Nagula ndine."

Anandipatsa ndalama mu envulopu, ati ndipite ku Chipata ndikagule anayi atsopano a saizi yomweyo. Saizi anandilembera pa kapepala ndi zilembo zikuluzikulu, ngati ine sindingaiwerenge pa tayala.

Ku Chipata ndinazungulira mashopu onse ogulitsa matayala. Saizi imeneyo inali m'mashopu awiri chabe, ndipo mtengo unali utakwera kuchokera pamene alamu anafunsa. Envulopu inkakwanira awiri. Ndinawaimbira foni kasanu, koma kumene anali kunalibe netiweki, umachita kukwera pa chulu kuti uyankhule. Ndinaima pakhomo la shopu dzuwa likundiwotcha, mwini shopu akundiyang'ana ngati ndabwera kudzaba.

Apa ndinene chilungamo, chifukwa ena amafotokoza nkhaniyi ngati ndinakakamizidwa. Sindinakakamizidwe. Ndikanatha kugula awiri atsopano, kuika kutsogolo, n'kudikira mwezi wina. Koma kuseri kwa msika kunali makontena a matayala a salaula, ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo miyendo inanditengera kumeneko yokha.

Mwini kontena ina anali munthu wonenepa wa chipewa cha mpira, atakhala pa tayala la loli akudya nzimbe. Ndinamuonetsa kapepala.

"Ah, bosi, mwabwera tsiku labwino. Saizi ya anthu a ndalama iyi. Motoka ni yanu?"

"Ni ya alamu."

"Ndiye alamu anu akupatsani mlongo wina lero," anatero, n'kulowa mkati.

Anagubuduza anayi ofanana. Sindinaonepo matayala okongola chotero. Akuda bii, mano akuya, ndipo dzino lililonse linali ndi timizere ting'onoting'ono ngati mphini. M'mbali munali kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu, mkati mwake kaluwa. Ndinatulutsa machesi. Kamtengo kanalowa mutu wonse n'kupitirira. Ndinakanikiza chikhadabo. Chinalowa ngati ndikukanikiza papaya lakupsa.

"Mwaona manje?" anatero mwini kontena. "Achokera kwa azungu aya. Mzungu akangoona kafumbi pa tayala, basi, ataya. Sanayende na mwezi."

"Nanga atayiranji akadali atsopano?"

"Mufunse ine? Anthu aja amataya na firiji yogwira ntchito."

Ndinawayesa onse anayi, mkati ndi kunja, kufunafuna chigamba kapena mng'alu. Panalibe. Tinakangana za mtengo mpaka nzimbe yake inatha, ndipo nditawamanga ndi malegeni awiriawiri mu envulopu munatsala ndalama yooneka. M'basi yobwerera ndinkangoganiza chinthu chimodzi, nkhope ya alamu ndikamawapatsa chenji. Ndinkafuna aone kuti wa giledi eyiti wachita chimene iwo ndi masatifiketi awo sakanachita. Sindinadyepo ngakhale ya botolo la madzi. Chimenecho ndicho chimandiwawa kwambiri. Ndikanaba bwenzi ndili ndi chokumbukira.

Nkhope ndinaionadi. Anabwera Loweruka, anazungulira motoka kawiri, anagwada, analowetsa chala m'mano a tayala. Ndinawauza poyera kuti ndi a salaula, ndinawauza chifukwa chake, ndinawapatsa envulopu. Anasuzumiramo, nsidze zinakwera.

"Iwe nthawi zina umaganiza," anatero.

Asisi anaphika nkhuku tsiku limenelo. Chenji chija alamu anakagulira sipika yaikulu ngati bokosi la maliro a mwana, n'kuiika m'buti momwe ine ndinkaikamo katundu wa anthu. Lamlungu lake ku tchalitchi ndinawamva ndi makutu angawa akuuza anzawo a kuntchito kuti, "Nili na munthu wanga ku Chipata amene amanipezera matayala a kunja." Munthu wawo! Ndinaluma lilime. Makiyi anali m'thumba.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene sanakhalepo kuchigwa kuno mu Okutobala asandiuze za kutentha. Nyenje zimalira mpaka mutu kuwawa, mitengo ya mupani imatsala mitengo chabe, chitsulo cha lamba wa mpando chimakuwotcha ngati nsimbi. Sabata yoyamba motoka inkayenda mofewa, okwera n'kumayamikira. Sabata yachiwiri ndinayamba kumva ngati ndikuyendetsa pa phala. Pokhota, kumbuyo kunkachedwa kutsatira kutsogolo. Ndikaima pa Lundazi ndinkamva fungo la mphira, ndipo pa malimu pankakhala fumbi lakuda ngati mwaye. Ndinayesanso ndi machesi. Mutu unayamba kuonekera.

Ndinaona, koma ndinapitiriza kunyamula anthu. Ndikanauza ndani? Alamu? Kuti matayala amene ndinadzitama nawo akusungunuka ngati sopo? Ndinadzinamiza kuti akungokhazikika, kuti mphira watsopano umatero. Ndinachepetsa liwiro, ndinayamba kunyamuka m'mamawa kwambiri, ndikaima ndinkawathira madzi ngati ng'ombe zotopa. Madalaivala anzanga ankandiseka kuti ndikusambitsa mkazi.

Linaphulika sabata yachinayi, masana dzuwa lili paliwombo, tikubwerera ku Chama. Ndinali ndi anthu awiri chabe: aphunzitsi ena a ku sekondale, ochokera ku migodi, atakhala kutsogolo, ndi amayi ena ogulitsa mpunga kumbuyo, amene anatsala ndi thumba limodzi losagulitsa ataligoneka pambali pawo. Tinali pa malo otsetsereka, pa miyala. Ndinamva phuu! kutsogolo kumanzere, chiwongolero chinandithawa m'manja, motoka inatembenuka ngati ikufuna kubwerera ku Lundazi. Sindinaponde buleki, zimenezo ndinaphunzira pa loli. Ndinalimbana nayo mpaka inatsikira m'ngalande n'kukagunda chitsa cha mupani. Fumbi linatikuta. Kenaka zii, nyenje zokha.

"Yesu wanga! Yesu wanga! Adalaivala, mufuna kutipha?" amayi aja anakuwa. Thumba linali litang'ambika, mpunga uli m'tsitsi mwawo, m'mipando, paliponse.

Palibe anavulala. Koma bampala inali itapindika ngati mlomo wa munthu wolira, nyali imodzi itasweka, limu lowala lija litaphwanyika m'mphepete. Ndinakhala pansi m'ngalandemo. Sindinkaona motoka, ndinkaona nsanja ya kumunda kwa atate ndi zitini zake.

Aphunzitsi aja anatuluka, anadzisasa fumbi, anapukuta magalasi awo. Pamene ndinkalimbana ndi jeke iwo anatola chidutswa cha tayala, akuchitembenuza ngati akukonza mayeso.

"Adalaivala, matayala aya anakugulitsani ndani?"

"Bwanji?"

"Mwakaona aka?" Analoza kaphiri kaja.

"Kaluwa ako? Ni chizindikiro cha kampani."

"Si kaluwa aka. Mkulu wanga amagulitsa mamotoka, ananionetsapo. Aya ni matayala a nyengo yozizira, kumaiko kumene madzi amaundana pa msewu ngati mufiriji. Amawapanga ofewa dala kuti asaume na chisanu. Kukayamba kufunda eni ake amawachotsa. Ndiye chifukwa amabwera kuno akali na mano." Anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana ine. "Imwe mwawabweretsa ku Chama. Mu Okutobala."

Amayi a mpunga anasiya kutola mpunga wawo n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira motoka. "Mwaveka motoka juzi, adada!"

Ndinkafuna kutukwana munthu, koma ndani? Dalaivala wachikulire uja sanandinamize. Pa matayala onse amene iye anagwirapo m'moyo mwake, lofewa linali labwino. Iye chisanu choundana anachionera kuti? Ine ndinachionera kuti? Kuno kukazizira kwambiri mu Juni timangofunda chitenje chachiwiri. Chikhadabo changa chinachita ntchito yake bwinobwino, chinandisankhira matayala ofewa kuposa onse mu Chipata. Munthu wosadziwa kanthu akanangotola alionse akuda, mwina akanapulumuka. Ine ndinagwa chifukwa chodziwa.

Tinafika pa boma ndi katayala ka sipeya kopyapyala ngati ka wilibala, tikuyenda ngati pa maliro. Nkhani inali itatsogola kale. Pa siteshoni omwe aja anasisita matayala ndiwo anayamba: zotchipa zimadula, mwana, zotchipa zimadula. Mmodzi ndinamugwira pa kolala, anzanga anachita kundikoka.

Alamu anati abwera Lamlungu. Loweruka madzulo asisi anandiitanira kuseri kwa nyumba kumene ankasankha nyemba.

"Khala pansi. Nakamba nawo pa foni."

"Ati chani?"

"Akalipa, koma makiyi sakulanda. Nawagwira mwendo. Iwe ungoti pepani. Liwu limodzi chabe."

"Asisi, ine nalakwa chani? Nawauza za malimu, anakana. Ndalama anapereka yosakwana. Chenji nabweza."

"Nidziwa zonse izo. Koma motoka ni yawo, nyumba ni yawo, nchito ni yawo. Iwe chako n'chani? Kamwa?" Anaponya kamwala kuchokera mu nyemba. "Ukufuna kubwerera kwa atate?"

"Iyayi."

"Ndiye mawa kamwa iyo uisiye m'chipinda. Ubwere na pepani chabe. Ulonjeze."

Ndinalonjeza. Ndipo Mulungu ndi mboni, ndinalonjeza ndi mtima wonse. Ndinayeserera liwulo ndikusamba, ndinaliyeserera ndikuvala shati.

Alamu anafika titaweruka ku tchalitchi, ndipo sanabwere okha. Anatenga mnzawo wa kuntchito, wa ku labu koyezera magazi, kuti adzaone. Anazungulira motoka, anagwira bampala, anapukusa mutu nthawi yaitali. Anakhala pa mpando pa khonde, mnzawo pambali, asisi pa mphasa. Ine ndinaimirira pa dzuwa, makiyi m'manja.

"Pepani, alamu," ndinatero. Linatuluka. Asisi anapuma.

Zikanathera pomwepo. Koma alamu anali atakonzekera ulaliki kuchokera ku Chikwa, ndipo sakanautaya chifukwa choti wolakwa walapa msanga. Anatumiza asisi kukatenga chidutswa cha tayala chija m'buti. Anachikweza kuti mnzawo aone.

"Mwaona, ichi ndicho nimakamba. Vuto si mtima, mnyamata ali na mtima wabwino. Vuto ni sukulu. Chizindikiro chili apa poonekeratu. Munthu wophunzira akanangoyang'ana kamodzi."

Mnzawo anavomera ndi mutu.

"Manje munthu agula matayala na chikhadabo. Na machesi! Monga asankha mapapaya pa msika."

Anaseka onse awiri. Ndinayang'ana asisi. Maso awo ankandiuza kuti khala chete, khala chete.

"Makiyi ukhala nawo," anatero alamu, "chifukwa cha mlongo wako. Koma uyambe wanena pano, tonse timve, kuti za matayala sudziwa kanthu, ndipo kuyambira lero uzifunsa anthu ophunzira. Nena."

Akanati ndigwade, ndikanagwada. Akanati ndigwire ntchito miyezi itatu osalandira, ndikanavomera. Koma anapempha chinthu chimodzi chomwe ndinali nacho. Ndilibe satifiketi, ndilibe nyumba, ndilibe ngakhale njinga. Ndili ndi zaka zisanu za kunsi kwa maloli, ndi zala zomwe zinaphwanyidwapo ndi jeke kawiri. Ankafuna ndizilavule pa khonde pawo kuti mnzawo wa ku labu aseke.

"Alamu, imwe munaphunzira."

"Iwe," anatero asisi.

"Munaphunzira mpaka ku koleji. Tsiku lija munagwada apa, munalowetsa chala chanu chophunzira m'tayala ili. Kaphiri aka kanalipo. Munakaona?"

"Usayankhule na ine choncho."

"Munakaona kapena simunakaone? Nanga sipika ili m'buti inagulidwa na ndalama iti? Ku tchalitchi munauza anthu kuti muli na munthu wanu ku Chipata. Ali kuti manje munthu wanu? Muitaneni apepese!"

Mnzawo wa ku labu anayamba kuyang'ana nsapato zake. Alamu anaimirira, mpando unagwa.

"Bweretsa makiyi."

"Nakuuzani za malimu ine! Nakuuzani kuti motoka iyi si ya msewu uno! Munagula motoka ya pa chithunzi, mwaibweretsa kuchigwa, manje mufuna msewu upepese, dzuwa lipepese, ine nipepese!"

"Nati bweretsa makiyi!"

Anatambasula dzanja. Ndikanangowaika m'dzanjamo, mwina asisi akanakonzanso zinthu pakapita masiku. Dzanja langa linachita zomwe linachita ku sukulu kuja. Ndinawaponya pa denga. Analira pa malata, anatsetsereka pang'ono, n'kukodwa pa msomali pamwamba penipeni pomwe aliyense wodutsa mumsewu ankawaona akuwala.

Asisi sanakuwe. Anangonyamula mphasa yawo n'kulowa m'nyumba. Chimenecho chinandipweteka kuposa zonse zimene alamu ananena.

Ndinamva pambuyo pake kuti alamu anakabwereka makwerero kwa aneba, ndipo anakwera okha atavala suti ya ku tchalitchi, malata akuwawotcha m'manja. Ine sindinaone. Ndinali nditamanga kale zovala zanga m'chikwama. Mawa lake ndinakwera loli ya feteleza yopita ku Tembwe.

Atate anandiona ndikulowa pabwalo ndi chikwama. Analowa m'nkhokwe, anatuluka ndi khasu, analitsamiritsa pa khoma pafupi ndi pomwe ndinakhala. Mpini wake unali watsopano. Anali ataukonzeratu.

Ndinalima dzinja lonse limenelo. Ndinagona pa nsanja, ndinamenya zitini, ndinatukwana njovu m'zinenero zitatu. Zinadya theka. Theka lotsalalo ndi thonje pang'ono zinandigulira pampu, zitsulo ziwiri zochotsera matayala ndi chitini cha guluu. Manje ndili pa boma, pansi pa mtengo wa msikizi pafupi ndi msika, ndimamata matayala a njinga, a njinga zamoto, ndi a mamotoka akapezeka. Ndimagona m'kachipinda ka lendi kopanda windo. Si chiwongolero ayi. Masiku ena ndimaweruka ndi ya sopo chabe.

Motoka yofiira ija imadutsa pano kawiri pa tsiku. Akuyendetsa ndi mnyamata wa kwaya ya ku tchalitchi kwa alamu, wa giledi thwelofu, amene amasintha magiya ngati akuthyola nkhuni. Ndipo imvani izi: ili pa malimu ang'onoang'ono achitsulo ndi matayala onenepa. Malimu owala aja anakagulitsa m'tauni. Alamu amauza anthu kuti anakhala pansi n'kuganiza mofatsa za misewu ya kuno, n'kupeza nzeru imeneyi. Ndinamva zimenezo ndili ndi nyundo m'manja, ndipo ndinaiika pansi msanga.

Asisi amabwera nthawi zina akamachokera ku msika. Amandisiyira mbatata kapena kathumba ka mpunga, amakhala pa benchi pang'ono, sitikamba za tsiku lija. Kamodzi anangoti, "Unali utanena kale pepani, iwe. Unali utamaliza." Ndinapitiriza kupala chubu.

Matayala atatu otsala aja alamu anawataya kudzala. Ndinakatolako limodzi, la kumbuyo, lomwe linali likadali ndi mano pang'ono. Ndinalipachika pa nthambi ya msikizi kuti anthu azidziwa kuti pano timamata matayala. Dalaivala aliyense akabwera ndi salaula yake kuti ndimuikire, ndimayamba ndayang'ana m'mbali, ndipo ndakapezapo kaphiri kaja kangapo. Ena amamva, ena amati ndikufuna kuwagulitsa anga.

Koma sabata siitha popanda wina kuima pansi pa tayala lopachikalo. Amaliyang'ana, amalizunguza, kenaka amakweza dzanja n'kukanikiza chikhadabo. Nkhope imawala.

"Ili likali lanthete, bosi. Mugulitsa zingati?"

Ndimawauza kuti achotsepo dzanja.